Kusamalira phazi mukachitidwa opaleshoni ya bunion kuno ku Harare

Abale anga amene mwapatsidwa tsiku la opaleshoni ya bunion, chifupa chija chotuluka pambali pa chala chachikulu cha phazi, kapena mwangotuluka kumene mchipatala, tiyeni tikambirane bwinobwino za masabata akubwerawo, chifukwa opaleshoni yeniyeniyo sitenga nthawi, ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, koma ntchito yaikulu ili kunyumba ndipo kunyumbako kulibe dokotala, kuli inuyo ndi phazi lanu basi. Ineyo anandichita phazi lamanja ndipo pano ndimazungulira Mbare Musika yonse osatsimphina, nde zomwe ndilembe apa ndi zomwe anandiuza achipatala komanso zomwe ndinaziona ndi maso angawa. Zikasemphana ndi zomwe wakuuzani dokotala amene anakuchitani opaleshoni, tsatani zake, iyeyo ndi amene waona fupa lanu.

Choyamba mumvetse zomwe akuchitani. Anthu ambiri amaganiza kuti chifupa chija chimatuluka pambali pa chala chachikulu ndi fupa longomera lapadera, loti dokotala amangolipala nkusoka basi. Ayi ndithu. Fupa lalitali lomwe lili kumbuyo kwa chala chachikulu limapendekera kunja, chalacho nkumapendekera mkati kukakanikiza zinzake, nde mfundo yapakatipo ndi yomwe imatuluka nkumakhulana ndi nsapato. Madokotala amati hallux valgus. Nthawi zambiri ndi zakumtundu, mukayang'ana mapazi a mayi anu kapena agogo mupeza ndi omwewo, nsapato zothina zosongoka kutsogolo zimangowonjezera vutolo. Tsono kuti aliwongole amalidula fupalo, kulisuntha kulibwezera pamalo pake, nkulimanga ndi tizisikuluu kapena waya. Pali njira zingapo, mumva mayina ngati chevron, scarf, Akin, ndipo pali ina yotchedwa Lapidus yomwe amalumikiza mfundo ya chapakati pa phazi kuti isamagwederenso. Funsani kuti inu akuchitani iti, musachite manyazi, chifukwa njira zina amalola kuponda ndi chidendene mutavala nsapato yachipatala kuyambira masiku oyambirira, pomwe zina makamaka Lapidus ija amatha kukuletsani kuponderatu kwa masabata angapo. Mnzanu wa ku Mufakose akakuuzani kuti ine ndinayamba kuponda mawa lake, mwina anachitidwa ina.

Ndiye nkhani yonse yagona apa, mwatuluka ndi fupa lodulidwa dala. Khungu limatseka pakatha masabata 2, koma fupa limafuna masabata 6 kuti ligwirane, kwa ena mpaka 12. Zili ngati simenti yomwe angothira kumene, pamwamba pamaoneka pouma koma mukapondapo msanga phazi limalowa. Anthu ambiri amalakwitsa pakati pamenepo, chilonda chapola, ululu wachepa, nkumati ndachira.

Musanapite kuchipatala konzani pakhomo. Kuno vuto lathu ndi madzi, tonse tikudziwa kuti mmipopi amabwera mwa apo ndi apo ndipo ambirife timadalira mjigo, nde dzadzani zigubu ndi ndowa zonse, kenako mupangane ndi munthu weniweni, dzina lake mulidziwe, woti azikutungirani kwa miyezi iwiri. Osati zongoti ana aziona, ayi, mupangane. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, kulemera konseko kumathera pa phazi lomwelo. Chotsani timakapeti totereka, zingwe za magetsi zodutsa pansi, ndipo polishi wofiira uja wa pakhonde musiye kaye kupaka. Tochi izikhala pafupi ndi bedi chifukwa magetsi akathima usiku inu muli pa ndodo, kugwa sikuchedwa. Ngati mumagona pansi pa matiresi, bwerekani bedi kapena sinthanani ndi wina, kudzuka kuchokera pansi ndi mwendo umodzi ndi ntchito yowawa ndipo chala chimapindika mosadziwa. Ndodo zoyendera muzipeze kusanafike tsikulo muyeserere nazo phazi likadali labwino. Pamasitepe lamulo lake ndi lakuti pokwera liyambe phazi labwino, potsika ziyambe ndodo ndi phazi lodwalalo, amene mumakhala mmafulati a ku Mbare muliloweze pamtima limeneli.

Ngati akupatsani mwayi wosankha mwezi, ganizirani nyengo. October kuno kumatentha koopsa ndipo phazi limatupa kwambiri kukatentha, kuyambira November mpaka March ndi mvula, matope ponseponse, bandeji siichedwa kunyowa. Ine ndimaona kuti miyezi yozizira ija ya May, June, July ndi yabwinoko, munthu umatha kukhala mnyumba phazi lili mmwamba osatopa ndi thukuta.

Tsiku loyamba mwina simumva kanthu chifukwa amabaya jakisoni wochititsa dzanzi phazi lonse, nde mumafika kunyumba mukuseka kuti aa zinali zophweka. Dzanzi lija limatha pakapita maola, kawirikawiri usiku womwewo kapena mawa lake, ndipo likatha ululu umabwera wonse nthawi imodzi. Chonde imwani mankhwala opha ululu pa nthawi yomwe akulemberani dzanzi lisanathe, musadikire kuti muyambe kulira kaye. Panado wa 500mg munthu wamkulu asapyole mapilisi 8 pa maola 24, ndipo muwerenge pa paketi ya mankhwala enawo chifukwa ena amakhala kale ndi paracetamol mkati, yemwe ndi Panado yemweyo, mukaphatikiza mumapweteka chiwindi. Brufen mufunse kaye, madokotala ena safuna kuti mumwe fupa likugwirana, komanso kwa amene muli ndi zilonda zammimba kapena vuto la impso ndi woopsa. Amphamvu aja ngati tramadol ndi codeine amadzimbitsa ndiponso amachititsa chizungulire, nde madzi akumwa azikhala ambiri, masamba, mapapaya, ndipo podzuka muzikhala kaye pamphepete pa bedi musanaimirire.

Masabata awiri oyambawo ntchito yanu ndi imodzi, kukweza phazi. Osati kuliika pa kampando inu mutakhala pa sofa ayi, mugone chagada, mapilo awiri kapena atatu pansi pa mwendo kuyambira pa katumba mpaka kuchidendene, phazi likhale pamwamba kuposa mtima. Muzidzuka popita kuchimbudzi, kukasamba ndi kudya basi. Mudzaziona nokha, mukangotsitsa phazi pansi magazi amathamangira konko, mumamva likulemera, likugunda mogwirizana ndi mtima, zala zija zimafufuma nkuda bii kuposa zinzake, bandeji nkuyamba kuthina, mukalibwezera pa mapilo pakapita timphindi zonse zimaphwa. Phazi limakhala likukuuzani lokha kuti nthawi yakwana. Kutupa kukachuluka chilonda chimakokeka ndipo chimachedwa kutseka, nchifukwa chake ndikulimbikira pamenepa. Uku mwagona muzigwedeza akakolo kutsogolo ndi kumbuyo, kupinda bondo nkuliwongola, ola lililonse mukakhala maso, kuti magazi aziyenda asaundane.

Aisi amathandiza ngati filiji ikugwira, mumukulunge mu thaulo nkuika pa akakolo kapena kuseri kwa bondo kwa mphindi 15 mpaka 20, osamuika pakhungu mwachindunji ndiponso asanyowetse bandeji. Koma kuthowa ndi madzi otentha monga timachitira munthu akabinya, musayerekeze. Azakhali adzabwera ndi chikondi chawo chonse atanyamula masamba oti akuthoweni, ena mankhwala opaka, ena mpaka kunena zotema mphini kuti magazi oipa atuluke, athokozeni mwaulemu koma phazi asaligwire. Mkatimo muli chitsulo, tizilombo tikalowa nkufika pa fupa ndi nkhani ya miyezi yambiri ya mankhwala, mwinanso opaleshoni ina. Komanso nthawi yozizira musayandikize phazi ku mbaula kapena hita, pali malo ena pafupi ndi chilonda omwe amakhala a dzanzi, mutha kupsa osamva.

Bandeji ija musaimasule nokha ngakhale iyabwe bwanji, ndipo musalowetsemo kamtengo kokandira. Sikuti yangophimba chilonda, anaimanga mwa njira yoti igwire chala pamalo pake. Timagazi pang'ono tikaonekera masiku oyamba si zodabwitsa, koma akamafalikira osaleka pitani kuchipatala. Posamba, ikani mpando wapulasitiki mbafa, ndowa ya madzi pambali, phazi mulilowetse mu jumbo yopanda kabowo nkumanga pansi pa bondo ndi thaulo laling'ono mkati mwake kuti madzi otsetsereka azithera pa thaulopo, kenako mwendowo muusanjike pa ndowa ina yovundikira kutali ndi madzi, nkumadzithira ndi kapu. Pansi pakhale pouma musanaimirire, ndodo pa simenti yonyowa ya sopo zimatereka. Bandeji ikanyowa, ngakhale pang'ono, kasinthitseni tsiku lomwelo.

Za kuchimbudzi anthu sakonda kuzikamba koma ndizikamba. Ngati chanu ndi chonjuta, dziwani kuti kunjuta kumapinda chala chachikulu pamalo penipeni pomwe adula, thupi lonse nkutsamira pamenepo. Pezani mpando wobowola pakati, akalipentala a mmakomboni mwathumu amatha kukhoma tsiku limodzi, kapena mpando wakale wapulasitiki wolimba. Usiku gwiritsani ntchito kandowa ka chivundikiro mchipinda, palibe chamanyazi, mukudwala.

Tsono zizindikiro zoti musagone nazo mnyumba ndi izi, ndipo muwauzenso amene akukusamalirani. Katumba akayamba kuwawa, kutupa, kutentha kapena kulimba, mwina magazi aundana mumtsempha, musamusisite, pitani kuchipatala. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika mwadzidzidzi, imeneyo ndi ngozi yeniyeni, pezani galimoto nthawi yomweyo kaya ndi pakati pa usiku, muthamangire kuchipatala, ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe komwe ambiri timangoti ku Gomo, ku Chitungwiza Central, kulikonse komwe kuli pafupi. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kunjenjemera, bandeji ikamanunkha kapena kutuluka mafinya, ululu ukamakula mmalo mochepa pakatha masiku atatu kapena anayi, mwina chilonda chalowa tizilombo. Ife akhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, nde muziyang'ana khungu lonyezimira, lotentha mukaligwira, lakuda kuposa mbali inayo. Zala zikazizira, kutuwa, osamva mukazitsina ngakhale mwakweza phazi, bandeji yathina kwambiri, imeneyonso ndi ya tsiku lomwelo. Amayi amene mumamwa mapilisi olera kapena munadwalapo vuto la magazi kuundana, muuzeni dokotala opaleshoni isanachitike.

Pakatha masabata 2 mumapita kukachotsa ulusi, ena amasoka ndi wosungunuka wokha. Ngati anakusiyirani waya wotulukira kunsonga kwa chala, umenewo amadzachotsa patsogolo, musaugwedeze ndipo usakodwe mu bulangete. Ulendo umenewu chonde musakwere kombi, minibasi zathu zija, ngati pali njira ina. Kukwera kokha sitepe ija ndi yaitali, mkatimo mumakhala anayi pa mzere, wina akutsika wina akukwera, phazi lanu lili pansi pomwe aliyense akuponda, kenako kutsika pa siteji ya Copacabana kapena ya Market Square mkati mwa chipiringu. Ikani padera ndalama ya takisi ya maulendo a kuchipatala musanachitidwe opaleshoni, mukhale kumbuyo mwendo mutautambasula pa mpando wonse. Zikavutitsitsa pemphani mpando wakutsogolo ndipo muyende nthawi yoti anthu a kuntchito adutsa kale.

Nsapato yachipatala ija, yolimba pansi yomata ndi zomatira, ina imakhala ndi chidendene chokwera kuti kutsogolo kwa phazi kusagunde pansi, muziivala nthawi iliyonse mukaimirira, ngakhale sitepe ziwiri zokha zopita kukatseka chitseko. Kawirikawiri ndi masabata 6. Phazi linalo muvale nsapato yokhuthala pansi kuti miyendo ifanane kutalika, mukavala patapata chiuno ndi msana ziyamba kuwawa chifukwa mukuyenda mopendekeka.

Apa ndiye pafika povuta penipeni, kuyambira sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi. Ululu watha, mwatopa nako kugona, ndipo anthu ayamba kukuonani ngati wabwinobwino. Kumudzi kuno timakhalirana, maliro akagwa ku Tafara kapena ku Dzivarasekwa tonse timathamangira, amayi kukaphika ndi kugona pansi pa siwa, abambo kuchezera panja, ndipo munthu ukapanda kuoneka mtima umakutsutsa. Ndikudziwa mmene zimawawira. Koma tumizani chipepeso chanu ndi mwana kapena mnzanu, imbani foni, mudzapita kukapepesa phazi likagwira, anamfedwa adzamvetsa. Mayi wina amene timapemphera naye anapita kumaliro a mlamu wake patangotha mwezi, anaima pa mapoto tsiku lonse atavala patapata chifukwa nsapato yachipatala imamuchititsa manyazi, pobwera phazi linali litatupa mpaka mu akakolo ndipo ekisire inaonetsa kuti fupa lasuntha. Anabwereranso ku fiyeta. Ndimamumvera chisoni mpaka lero chifukwa sanachite mwa mwano, anachita mwa ulemu.

Kugwada nakonso. Ife tinaleredwa kuti popereka madzi kwa apongozi kapena moni kwa akuluakulu timagwada, koma taonani mmene chala chachikulu chimapindikira munthu akagwada nkukhalira zidendene. Auzeni poyera kuti amayi, bambo, mundikhululukire, adokotala andiletsa kugwada mpaka fupa ligwire, nkuwomba mmanja muli pampando, ulemu wafika. Amvano a ku CCAP ndi azimayi a mipingo ina, yunifolomu valani koma nsapato ikhale yachipatala yomweyo, pempherani mutakhala, ndipo kuima nthawi yaitali pa kwaya kudikire kaye. Abale athu achisilamu, kuswali mutakhala pa mpando nkololedwa kwa wodwala, funsani ashehe akuuzani, ndipo za kutawaza ndi bandeji muwafunsenso kuti musanyowetse chilonda.

Fodya ndiye mdani wamkulu wa fupa, amachepetsa magazi ofika pachilonda ndipo osuta ndi amene mafupa awo amachedwa kapena kukana kugwirana, kaya ndi wa ndudu kaya ndi wofwenkha, musiyeni opaleshoni isanachitike ndipo musamuyambirenso nthawi yochira. Mowa ndi ndodo siziyendera limodzi. Amene muli ndi shuga muyezeni pafupipafupi, akakwera chilonda sichipola, ndipo mankhwala anu a masiku onse, a BP, ma ARV, musadukize, dokotala adziwe onse amene mumamwa. Zakudya sizifuna zodula, matemba a ku Kariba kudya ndi minga yomwe, mazira, nyemba, mkaka, chiponde, masamba otendera, ndipo mmawa muzikhala pakhonde kuothera dzuwa pang'ono phazi lili pa mpando.

Pa masabata 6 amajambula ekisire, dokotala akaona kuti fupa lagwira ndi pomwe amakulolani kusiya nsapato yachipatala. Musadzilole nokha powerenga kalendala. Nsapato yoyamba ikhale teki yotakata kutsogolo yomanga ndi zingwe, mwina yokulirapo saizi imodzi, pa mabhero a kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo zimapezeka, koma kayeseni madzulo pomwe phazi latupa osati mmawa. Chala chimakhala chouma, nde akakuuzani kuti yambani mafizo, chitani tsiku ndi tsiku, gwirani phazi ndi dzanja limodzi kumbuyo kwa mfundo, dzanja linalo likweze chala pang'onopang'ono mpaka mumve kukoka, gwirani masekondi 10, kenako chitsitseni pansi chimodzimodzi. Yalani thaulo pansi muzilikoka ndi zala. Zimawawa pang'ono koma chala chikauma chonchi kuyenda kumadzavuta mpaka kalekale. Poyenda mudzapeza kuti mukupondera kumbali kwa phazi pothawa chala chachikulu, dzikumbutseni kuponda chidendene kenako phazi lonse nkukankha ndi chalacho. Chipsera chikapoleratu, chopanda nkhanambo, muzichisisita ndi Vaseline kuti chifewe.

Kutupa kusakuopseni, kumatenga miyezi 3 mpaka 6, ena chaka chathunthu, makamaka madzulo. Mukafika kunyumba kwezani phazi basi.

Za ntchito zimatengera mumachita chani. Wa muofesi amene angathe kusanjika phazi pa mpando amabwerera msanga, koma amene mumaima tsiku lonse, ogulitsa pa msika, alonda, ogwira ntchito mnyumba za ku Borrowdale ndi Avondale, a mmafakitale a ku Workington, werengerani masabata 8 mpaka 12. Olembedwa ntchito dziwani kuti Labour Act ya kuno imapereka masiku 90 a tchuthi chodwala pa malipiro athunthu pa chaka ngati muli ndi kalata ya dokotala, nde kalatayo muitenge musanatuluke mchipatala ndipo abwana muwauze nthawi ikadalipo. Odzilemba okha ndi amene mumavutika kwambiri chifukwa tsiku losagulitsa ndi tsiku losadya, nchifukwa chake ndimati konzani kuti chipereganyu chanu chidzagwe mwezi wa opaleshoni, ndipo pa tebulo lanu pakhale munthu wokhulupirika. Kuyendetsa galimoto, ngati ndi phazi lamanja dikirani masabata 6 mpaka 8 ndipo dokotala avomere, muyese kaye kuponda buleki mwamphamvu galimoto itaima, mukamva kuwawa simunakonzeke. Lamanzere pa galimoto ya otomatiki amalola msangako, ya magiya ayi chifukwa cha kilatchi. Musayendetse mutavala nsapato yachipatala.

Kuthamanga, mpira ndi kuvina kwamphamvu kudikire miyezi 3 kapena kupyola malinga ndi ekisire. Gogoda achemwali muiwale kaye kwa miyezi 6, ndipo mukadzayambiranso ikhale yaifupi, ya pa ukwati maola ochepa, chifukwa bunion imatha kubwerera ngati chala chikupanikizidwanso tsiku ndi tsiku. Tizisikuluu tija timakhala momwemo moyo wonse, kawirikawiri amachotsa tikamakusowetsani mtendere mu nsapato. Mukadzaona chala chikuyambanso kupendekera kwa zinzake, kapena chikuthawira mbali inayo kusiya mpata waukulu, kapena pansi pa zala zapakati payamba kuwawa poponda, bwererani kwa dokotala yemwe anakuchitani, mutenge ndi ma ekisire anu akale onse.